Usakhale ngati Bizaliele wa ku Milepa

...ndiye nditakwera basi ija, Esinati mwana wanga, ndinavula chipewa monga munthu woleredwa bwino, n'kuima pakati penipeni, n'kukweza mawu: "Moni nonse! Mwadzuka bwanji?" Apa ndi pamene amayi ako anandidula masana aja, ati ndiwo zikuzizira. Chikwatirane ine ndi mayi ameneyu, palibe nkhani yanga ya ku Joni imene anaisiya kuti ifike kumapeto. N'chifukwa chake ndathothola mapepala pakati pa kope lawo la kwaya, ndabwera kudzakhala pansi pa mtengo wa mango pa siteji yathu ya kabaza pano pa Mbombwe. Njinga ndaigoneka pansi kuti aliyense aone kuti Pailoti lero sakuuluka. Mawa ukunyamuka ulendo wa ku Mangalande kukagwira ntchito ya unamwino, ndipo nkhani zanga uzimva zonse, ufune usafune. Kalatayi ukawerengere m'ndege. Mmenemo amayi ako mulibe.

Tibwerere m'basi muja. Inali sabata yanga yoyamba kukwera basi ku Joni, chaka chija ndinapita kukasaka ntchito iwe ukukwawa. Anthu analimo ochuluka ngati m'tchalitchi mwathu tsiku la ubatizo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anayankha moni wanga. Ndinabwereza m'Chingerezi changa chija cha Sitandade 5, chimene azungu a kumeneko amachikumbukirabe mpaka lero. Zii. Wina maso pawindo, wina pa nyuzipepala, wina akuyang'ana nsapato zake ngati zamulakwira. Ine mumtima ndinati: Layisoni, wakwera basi ya maliro. Pajatu kwathu kuno anthu akakhala chete chonchi m'galimoto ndiye kuti kumbuyo kuli bokosi. Ndinagwetsa nkhope, chipewa pachifuwa, n'kuyamba kuyenda mpando ndi mpando ndikugwira anthu chanza: "Pepani, pepani ndithu." Mayi wina anakumbatira chikwama chake. Bambo wina anasamukira kutsogolo. Ndinafika mpaka kumapeto kwa basi, bokosi osalipeza. Patapita masiku atatu m'pamene ndinazindikira kuti palibe wamwalira, kukwera basi kwawo n'komweko. Ndiye iwe ukakaona anthu ali duu, wina osakuyang'ana n'komwe, usakayambe kudzifufuza kuti ndalakwa chiyani, kapena ndavala molakwika, kapena akundida. Ndimakudziwa, ndi mmene umachitira. Sunalakwe kanthu. Anthuwo ali ndi zawo m'mutu, ndipo akamakusiya wekha iwo amati akukulemekeza.

Tsopano ndikuuze chimene chandikhazika pansi pano m'malo monyamula makasitomala. Dzana ndinakumva. Iwe ndi amayi ako munali kuseri kwa khitchini mukuchapa, ine ndili mbali inayi ndikumata chubu, simunandione. Unati ntchitoyo suiopa, magazi suwaopa, kuzizira ukakuzolowera. Chimene chikukusowetsa mtendere ndi mabasi ndi masitima a kumeneko. Unati mapu a njira zake amene anakutumizira pa foni akuoneka ngati matumbo a nkhuku. Ndiye unanena mawu amene anandigwetsa chubu m'manja. Unati, "Bola ndizikayenda wapansi, amayi, ngakhale ola ndi theka, kusiyana n'kumafunsa anthu." Ola ndi theka kupita, ola ndi theka kubwera, m'dziko limene amati mvula yake ilibe nyengo, utaima tsiku lonse pakati pa odwala! Miyendo imeneyo ndi ya ndani? Sabata ziwiri sizikatha, ukayamba kuchedwa kuntchito, ukadwala, ndipo tsiku lopuma ukangodzitsekera m'chipinda chifukwa kulikonse kumene ungafune kupita kuli kuseri kwa basi. Ine sindinakupalasire njinga zaka zonsezi kuti ukagonje pa siteji.

Ndipo usandiuze kuti unkangonena. Ukukumbukira uli Folomu 2, ukuchokera ku Limbe kupita kwa amayi ako aang'ono ku Milepa? Kondakitala anakuiwala. Iwe unaona Milepa ikubwera pawindo, unaona chipatala, unaona njira ya kwa amayi ako aang'ono, zonse n'kudutsa, pakamwa uli tseke. Unakatsikira ku Phalombe poti galimoto inathera komweko. Ine ndinapalasa tsiku limenelo mpaka matayala ananunkha ngati akupsa, anthu m'njira ankathawira m'tchire poganiza kuti ndi njinga yamoto. Nditakupeza utakhala pa chikwama, ndinakufunsa kuti bwanji sunanene kuti ndatsika. Unati, "Anthu akanandiyang'ana, ababa." Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuuza aliyense kuti manyazi amenewa unatengera amayi ako, chifukwa ine bambo ako ndikhoza kufunsa njira ngakhale kwa ng'ombe. Koma ku Mangalande, Esinati, kulibe bambo wa njinga wokutsatira.

Ndikuuze za mnzanga Bizaliele wa ku Milepa, amene tinali naye ku Joni. Munthu wamtali ngati ine, wooneka bwino pafupifupi ngati ine, koma mtima wa nkhuku. Anthu akwathu anamupezera ntchito kwa mzungu wina kutali ndi kumene tinkagona, n'kumuuza kuti akafike Lolemba eyiti koloko. Dzina la siteshoni yokatsikira anamulembera pa kapepala. Munthuyo analawirira ndithu, atavala jekete yobwereka, nsapato atapolisha. Kufika pa siteshoni, apeza njanji si imodzi ngati ya ku Limbe. Njanji mbwee, masitepe okwera ndi otsika, sitima ina ikupita uku, ina uko, zokuzira mawu padenga zikulankhula ngati munthu ali mumtsuko. Zikwangwani ankaziona, koma kuwerenga kwake kunali kwa pang'onopang'ono, akamafika chilembo chachitatu sitima yapita. Anati ndikhale kaye pa benchi ndione mmene zikuyendera.

Anthu a yunifomu ankadutsa pamaso pake penipeni, anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo yolozera anthu njira. Iye akati adzuke, n'kukhalanso pansi. Mumtima akuti andiseka Chingerezi, adziwa kuti ndine mlendo, anthu onsewa atembenuka kundiyang'ana. Eyiti koloko inamupeza pa benchi. Teni koloko pa benchi. Benchi lake lachitsulo, m'mawa lozizira ngati mwala wa kumtsinje, masana lootcha. Kapepala kaja anakafinya m'dzanja mpaka inki inayamba kusungunuka ndi thukuta. Ngakhale kuchimbudzi sanapite tsiku lonse, poti nakonso kunkafunika kufunsa.

Dzuwa litapendeka, mayi wina wosesa pa siteshoni, wachikulire, wa duku lobiriwira, amene anali atasesa mozungulira mapazi ake katatu konse, anaimika tsache. Analankhula chinenero chawo, Bizaliele osamva. Mayi uja sanataye nthawi. Anamufunyulula zala, n'kutenga kapepala, n'kuwerenga, n'kupukusa mutu. Kenako anamugwira pamkono ngati mwana wa sukulu ya mkaka, kumukweza masitepe, kumutsitsa mbali ina, n'kumuimika pamalo pake. Sitima itafika anamukankhira mkati n'kumuonetsa zala zinayi, kutanthauza kuti atsike ikaima kachinayi. Ulendo wakewo unali waufupi, munthu sungamalize n'komwe kudya chimanga chootcha. Anafika pageti, anamuuza kuti ntchito anapatsa wina m'mawa womwewo. Miyezi iwiri anakhala manja lende, kumudzi kuno mkazi wake akudikira ali ndi mwana wamng'ono. Zonsezi chifukwa cha funso limodzi limene linakanirira pakhosi. Ine ndinamuseka Bizaliele mpaka nthiti kuwawa. Mwana wanga, ukakhale chilichonse kumeneko, koma usakakhale Bizaliele.

Ine tsono vuto langa linali lina, kudziwa kwambiri. Kuno ukafuna galimoto umangotambasula dzanja, ndipo kondakitala amakuwa yekha kuti "Limbe! Limbe!" mpaka ogontha kudandaula. Ku Joni matekisi awo alibe wokuwa, umalankhula ndi zala uli m'mbali mwa msewu. Chala m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, chala pansi ndiye kuti pafupi pomwepa, ndipo malo aliwonse ali ndi kapindidwe kake ka zala. Ine ndinaona bambo wina atapinda zala mwa mtundu wina, galimoto n'kuima. Ndinati eya, ndazigwira, ndi mmene amaimitsira. Ndinapinda zanga chimodzimodzi, mokongola kuposa iyeyo. Inandinyamula ndithu mwaulemu, n'kukanditula kudera kumene ngakhale dzuwa linkatulukira mbali yolakwika. Pobwerako ndevu zinali zitamera. Ndiye kuonera anzako n'kwabwino, uzikaonera ndithu, tsiku loyamba ukaime pambali uone mmene akukwerera, pamene akugunditsa kakhadi kawo, khomo limene akutulukira. Koma kuonera kokha kumakusocheretsa. Ukaona, ufunsenso kuti chimenechi ndiye kuti chiyani. Giladesi, mwana wa abusa athu amene ali ku Mangalande komweko, anauza bambo ake kuti mabasi a kumeneko amayendera manambala, ndipo nambala yomweyo ina ikupita, ina ikubwerera, malinga ndi mbali ya msewu imene waima. Ndiye usakangoona nambala n'kulumphira. Usanakhale pansi umuonetse dalaivala dzina la kumene ukupita. Akagwedeza mutu, khala. Akakulozera kutsidya, tsika uwoloke, palibe amene wafa.

Giladesi yemweyo akuti kumeneko anthu amaima pamzere ngati matumba a pachigayo, wobwera koyamba kutsogolo, ndipo otsika amayamba atsika kaye. Chigongono chija ndinakuphunzitsa cha pa depoti ya ku Limbe uchisiye kuno, ndikusungira. Ndipo chonde usakaponye chitenje pawindo kuti ugwire mpando. Ine ndinayesapo ndi chipewa ku Joni. Windo lake linali losatsegula, chipewa chinabwerera n'kugwera m'ngalande, ndipo anthu onse a pamzere anandiyang'ana nthawi imodzi. Ndinafa? Si ine ndikukulemberayu? Kuyang'anidwa sikupweteka, Esinati. Ine ndayang'anidwa ndi anthu ochuluka kuposa a m'boma lonse la Chiradzulu, ndipo ndikunenepabe.

Nkhani ya nthawi ndiye umvetsetse. Kuno minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo ukaikuwira uli patali imabwerera chambuyo kudzakutenga. Ine Pailoti ndimafika pakhomo pa kasitomala, n'kudikira asambe, adzole, asinthe chitenje kawiri, atsanzike apongozi. Ndiye ku Joni nditapeza ntchito yosamalira maluwa, tsiku lina ndinafika pa siteji n'kuona basi yaikulu ili ndi anthu atatu okha. Ndinati iyi mpaka idzadze ndi masana, ndikagule kaye buledi. Ndikutuluka m'sitolo, ndinaiona ikunyamuka ndi anthu atatu omwewo, mipando yonse ikupita yokha. Ndinaimba mluzu umene kuno umaimitsa ngakhale lole ya mchenga. Ndinaithamangira, ndipo ndikanaikwera, kungoti liwiro linandichulukira, ndinaipitirira. Dalaivala anandiona bwinobwino, anangokweza mapewa n'kuloza wotchi. Ndinamutukwana m'Chinyanja, m'Chilomwe ndi m'Chiyao momwe, koma pambuyo pake ndinamvetsa kuti si nkhanza. Kutsogoloko kuli anthu ena amene aima akudalira nthawi yomweyo. Ndiye uzikafika basi isanafike, uziidikira ndiwe. Tsiku lina ikakusiya, pakuti idzakusiya ndithu, usakaime n'kumalira. Funsa amene ali pafupi kuti ina ibwera nthawi yanji, imbira akuntchito uwauze, basi. Bizaliele akanangochita zimenezo bwenzi pano ali ndi nyumba ya malata.

Kutsika nakonso kuli ndi mwambo wake. Ine tsiku loyamba nditaona geti la kuntchito likudutsa, ndinachita zimene munthu aliyense wanzeru amachita: ndinamenya denga la basi katatu n'kukuwa kuti "Ndatsika!" Denga lake linalira ngati ng'oma, mwana wina anadzuka n'kuyamba kulira, dalaivala anandiyang'ana pagalasi n'kupitiriza ulendo. Ndinamenyanso. Mkulu wina wa imvi anandikoka malaya n'kundilozera kabatani kofiira pa chitsulo chogwirira. Ukakadina kamalira kamodzi, basi n'kukaima pa siteji yotsatira, osati pakhomo pako ayi, pa siteji. Apa ndiye Mulungu wakukondera, mwana wanga. Anthu a kumeneko anakhala pansi n'kupangira anthu ngati iwe kabatani. Sufunika kukuwa, chala chokha. Ukanakhala nako tsiku lija bwenzi Phalombe usakumudziwa. Koma kabatani sikadziwa kwanu. Ngati sukudziwa potsikira, pakamwa pafunikabe. Uuze dalaivala pokwera kuti ndine mlendo, tikafika pakutipakuti mundiuze. Ukhale pafupi naye. Mawu akuti ndine mlendo si ochititsa manyazi, ine ndawanena m'zinenero zisanu ndi ziwiri, zina zoti eni ake sankazidziwa.

Nkhani iyi yokha ndiye amayi ako amaseka, ngakhale amabisa nkhope. Ukudziwa kuti kuno ukakhala pampando, mayi wa mwana n'kukhala chiimire, umangomulandira mwanayo n'kumuika pamiyendo, osafunsa n'komwe. Ena mpaka amatsika n'kuiwala kuti mwana ali kwa yani. Ndiye tsiku lina ku Joni m'sitima munadzaza, pafupi nane panaima mayi ali ndi kamwana m'manja, zikwama mbali zonse. Ine monga mkhristu wa pa Mbombwe ndinatambasula manja n'kukanyamula kamwana kaja. Esinati, kukuwa kumene anakuwa mayi ameneyo kunaimitsa sitima zitatu. Anthu anandizungulira, wina wandigwira kolala, ine kamwana kali m'manja ndikungoti "sore, sore," iko kakundiseka n'kumandikoka ndevu. Anandipulumutsa ndi mayi wina wa ku Mozambiki amene anamva ndikuitana Yesu m'Chinyanja, n'kuwafotokozera kuti kwawo anthu awa ndi mmene amathandizirana. Ndiye iwe ndi mtima wako wa unamwinowo, samala. Mwana wa munthu, chikwama cha munthu, ngakhale galu wa munthu, pakuti akuti agalu amakwera nawo basi, usagwire usanafunse. Ukafuna kuthandiza, dzuka upereke mpando. Zimenezo zokha zimamveka dziko lililonse.

Ndaima kaye kulemba chifukwa amayi ako anandipeza pompano, akupita kokaphunzira nyimbo, kope lili m'manja.

"Bambo a Esinati, kope langali laonda bwanji pakati?"

Ndinati, "Ndikulembera mwana malangizo, mayi. Ndi ntchito ya Mulungu yomweyo."

Anaima kumbuyo kwanga n'kumawerenga, milomo ikuyenda. A Yohane, mnzanga wa kabaza uja, anayamba kale kuseka ali pa njinga yawo.

Amayi ako anati, "Sitima zitatu? Chaka chatha inali imodzi."

"Zinazo ndinazikumbukira pambuyo pake."

"Nanga Bizaliele uyu wabweranso? Bambo, ine ndinabadwira ku Milepa, ndinakulira ku Milepa, ngakhale mbuzi za ku Milepa ndimazidziwa eni ake. Bizaliele wa kwa yani?"

Ndinati, "Anasamukira ku Magomero."

"Paukwati wa a Yohane munati anamwalira."

"Anayamba wasamuka kaye."

A Yohane anagwa pa njinga ndi phwete. Koma amayi ako sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyang'ana kuja kumene kumandichititsa kufufuza m'matumba ngakhale sindinabe kanthu. Kenako anati, "Mwanayu mawa akupita. Muuzeni zoona kamodzi kokha." Atayenda pang'ono anatembenuka: "Mulembenso kuti azivala masokosi awiri." Ndiye ndalemba, uzivala masokosi awiri.

Tsopano tamvera zimene ndikufuna ukachite, ndipo izi si nthabwala. Ukafika, tsiku loyamba lopuma usakagone. Ulembe pa pepala dzina la msewu wa kumene ukukhala ndi dzina la siteji ya kuchipatala, zilembo zikuluzikulu. Foni imatha moto, pepala silitha moto. Ukwere basi yako ya kuntchito masana dzuwa lili pamutu, ngati kumeneko limafika pamutu, popanda chokuthamangitsa. Upite nayo mpaka kumapeto, ubwerere nayo. Uone sitolo, tchalitchi kapena mtengo umene uli pafupi ndi potsikira pako. Usochere dala tsiku limenelo pamene kusochera kulibe mlandu. Ndipo tsiku lomwelo ufunse anthu atatu, ngakhale njira ukuidziwa, kuti pakamwa pazolowere. Woyamba mwina adzangodutsa osayankha. Musiye, mwina mano akumuwawa. Funsa wachiwiri. Anthu osesa, anthu a yunifomu, amayi achikulire onyamula zikwama za kumsika, amenewo ndiwo amadziwa njira zonse. Madzulo ake unditumizire mawu pa foni ya amayi ako, unditchulire masiteji onse mmodzimmodzi, ndiziwatchula pano pa siteji a Yohane azindiopa.

Lamlungu lotsatira ukwere ina, ukapemphere kumene amapemphera Giladesi. Akuti n'kutali, pamafunika basi ndi sitima. N'chifukwa chake ndikufuna upite. Munthu amene amadziwa njira imodzi yokha, ya kuntchito ndi kubwerera, ndi mkaidi ngakhale akhale ndi kiyi wa chitseko. Ine ndikufuna pofika Khirisimasi uzidzandiimbira uli m'sitima ukupita kukaona nyanja ya mchere, ndikumva phokoso la njanji kumbuyo, ndidzauze mpingo wonse kuti mwana wa Pailoti akuyendetsa Mangalande.

Zakwathu zina usakazitaye poti wafika kwa anthu achete. Wachikulire akakwera, dzuka. Potsika umuthokoze dalaivala, ngakhale ena asathokoze. Ine ndanyamula anthu pa kaliyala zaka zonsezi, ndikudziwa mmene zikomo amalowera m'miyendo pokwera chitunda. Munthu akakupatsa moni, yankha ndi mano onse. Ndipo ukadzabwera kutchuthi, usadzakwere njinga ya a Yohane uli chete ngati thumba la feteleza, ati poti ndi mmene amakwerera ku Mangalande. Ndidzakutsitsa ndekha.

Chinanso. Sipadzapita nthawi, iwe udzakhala katswiri, uzidzadumpha m'sitima ina kulowa ina maso ali pa foni. Tsiku limenelo uzidzayang'anako pa mabenchi. Ukadzaona munthu wakhala malo amodzi, sitima zikubwera n'kumapita iye osadzuka, dzanja lafumbata kapepala, usadzadikire kuti akufunse. Sadzakufunsa. Pita ukamufunyulule zala. Mayi wa duku lobiriwira uja palibe amene anamufunsa dzina, ndipo munthu amene anamuthandizayo sanathe n'komwe kunena zikomo chitseko cha sitima chisanatsekeke.

Mawa ndikunyamula ndekha kukafika kumsewu wa tala. Khushoni ndagula yatsopano, tcheni ndathira oilo, sutikesi ikwera kwa a Yohane. Ndipo pamene ukuwerenga kalatayi wadziwa kale chifukwa chimene sindinaimire titafika pa siteji, ngakhale unkandikoka malaya. Ndatsimikiza mtima kuti sindigwira buleki mpaka ndimve mawu ako, okweza, anthu onse akuyang'ana: "Ababa, ndatsika!" Ukapanda kunena ndikupitirira nawe mpaka ku Magomero, ndege ikapite yokha.

Pepala latsala theka, ndipo mawu a amayi ako aja akundilira m'khutu. Chabwino. Zonse ndalemba muno n'zoona, ngakhale zoipitirira basi, ufunse aliyense. Chimodzi chokha ndinapeka. Ku Magomero kulibe Bizaliele. Ku Milepa sanakhaleko, ndipo sanamwalire, pakuti sanabadwe. Jekete yobwereka ija ndinavala ndine. Benchi lija ndikulidziwa kuzizira kwake chifukwa ndinakhalapo ndine, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mkazi amene ankadikira kumudzi ndi amayi ako, ndipo mwana wamng'ono uja ndiwe. Manyazi amenewo sunatengere amayi ako ayi, mayi amene amaimitsa minibasi ali kutsidya kwa dambo. Ndi anga. Tsiku lija ku Phalombe utanena kuti anthu akanandiyang'ana, ndinamva mawu anga enieni akutuluka pakamwa pa mwana wanga, ndipo pobwerera paja ndinkapukuta m'maso ndikunamizira fumbi. Pakamwa panga paphokosopa sindinabadwe napo. Ndinachita kupaphunzira nditatsika m'sitima ija, funso limodzi lero, awiri mawa, mawondo akunjenjemera, mpaka pano anthu amachita kundipempha kuti nditseke. Ngati munthu wa pa benchi uja anasanduka Pailoti, iwe amene unapita kusukulu mpaka kuvala yunifomu yoyera ulephera bwanji?

Funsa, Esinati. Mawondo azinjenjemera, iwe uzifunsa.

Amayi ako usawauze zimenezi. Akudziwa kale, koma asamve kuti ndavomera.

Ndine bambo ako,
Layisoni, Pailoti wa pa Mbombwe